Kalata kwa abusa, atsogoleri a magulu athu ndi eni mabasi muno mu Johannesburg

Bambo abusa, amayi busa, akuluampingo, atcheya a magulu a Amalawi, ndi inu eni mabasi opita kumudzi,

Ndakupatsani moni nonse. Ndine mayi wa mwana mmodzi. Ndimakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ina ku Turffontein, ndipo ndimagwira ntchito yolera ana ku Randburg. Ambiri a inu munandionapo pamaliro, pamisonkhano yosonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, kapena pabenchi yakumbuyo m'tchalitchi. Sindine munthu woyankhula pagulu, koma paja mutu ukakula sulewa nkhonya, ndiye nkhani iyi ndaitula pa inu.

Mwezi wathawu tinali ndi mapemphero a usiku wonse m'holo ina yobwereka m'tauni. Dzina la mpingo sinditchula, poti zomwe zinachitika kumeneko ndazionanso kwina. Cha m'ma 10 koloko ana anayamba kuvuta, ena kulira, ena kuthamangitsana pakati pa mipando. M'bale wina, ndi mtima wabwino ndithu, anawasonkhanitsa m'kachipinda kosungiramo katundu, n'kuwayalira bulangete pansi, n'kuwatsegulira laputopu. Anati akuwaikira filimu yachikhristu kuti aphunzire machenjerero a mdyerekezi. Inali ya ku Nigeria, imodzi mwa zija anyamata akwathu amazitanthauzira m'Chichewa. Ife akuluakulu tinapitiriza kuimba ndi kuomba m'manja. Ana 12, wamng'ono kwambiri wazaka 4, anakhala okha ndi filimuyo pafupifupi maola awiri.

Nditapita kukatenga wanga, mnyamata wazaka 7, ndinapeza m'chipindamo muli zii. Ana onse anali ataunjikana pakona ngati anapiye oti aona mphamba. Pasikirini panali gogo wina atavala nsalu yofiira, ali pansi pa mtengo usiku, akugawira ana nyama m'mbale, ndipo wotanthauzira uja ankakuwa m'Chichewa chathu chomwechi kuti idyani adzukulu anga, mwalowa basi. Mwana wanga sanalire. Anangondigwira chitenje, ndipo nditamugwira dzanja linali lozizira ngati wachoka kochapa m'mawa wa mu Juni.

Chiyambire usiku umenewo wayambiranso kukodza pogona, zomwe anasiya ali ndi zaka 3. Chimbudzi chathu chili panja, timagwiritsa ntchito mabanja 5, ndipo dzuwa likangolowa sapitako ngakhale ndimuperekeze ndi tochi yapafoni. Magetsi akazima amandikolekera manja m'khosi mpaka ndimasowa popumira. Lamlungu lililonse timaimbira mayi anga ku Ndirande pa WhatsApp, ndipo kale iyeyo ndiye ankalanda foni kuti aonetse agogo ake dzino lomwe laguluka. Pano akangomva mawu awo amakabisala kuseri kwa katani. Usiku wina, ine ndikuyesa wagona, anandifunsa monong'ona kuti: “Amayi, ndalota ndikudya nyama. Ndiye kuti ndalowa?”

Funso limenelo silinali lachilendo kwa ine. Nanenso ndinadzifunsapo, ndili yekhayekha pamphasa, wopanda womuuza.

Ndinakulira ku Ndirande. Amene tinabadwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa 1990 tikukumbuka kuti TV kwathu inachedwa. Nthawi ya Kamuzu kunalibe, ndipo Television Malawi inayamba kuulutsa mu 1999. Ngakhale itabwera, nyumba zokhala ndi sikirini zinali zowerengeka. Ife kanema tinamudziwira ku vidiyo sho: chisakasa cha matabwa otsala chotchingidwa ndi ziguduli, mabenchi ogwedera, deki ndi TV pamwamba pa tebulo, ndi chisipika panja choitanira odutsa. Mkati munkanunkha thukuta ndi fumbi. Wapakhomo ankawerenga ndalama, msinkhu analibe nawo ntchito. Mu 2001, ndili ndi zaka 10, ndinasunga K2 yomwe mayi anandipatsa kuti ndigule zitumbuwa kusukulu, n'kulowa ndi anzanga awiri. Tinkayembekezera ya karate. Tinapeza ya ku Nigeria, ya gogo yemwe masana ankasenda chinangwa pakhonde n'kumaseka ndi adzukulu ake, usiku n'kusanduka kadzidzi. Chilichonse chomwe ankapatsa mwana kuti adye chinali msampha.

Chaka chomwecho agogo anga, mayi a bambo, anali atabwera kuchokera ku Chiradzulu kudzakhala nafe. Maso awo anali ofiira chifukwa cha utsi wa nkhuni womwe anaupirira moyo wawo wonse, mano anatsala ochepa, ankafwenkha fodya wapamphuno, ndipo akamapeta mpunga ankayankhula okha. Zonsezi ndinali nditazizolowera. Koma nditatuluka m'chisakasa muja ndinaziona ndi maso ena. Agogo ankakonda kundisungira mbatata yootcha, ataimanga pamfundo ya chitenje, kuti ndikaweruka ndidye. Ndinayamba kuilandira ndi manja awiri mwaulemu, kenako n'kukaitaya kuseri kwa bafa. Ndinachita zimenezi masabata angapo. Tsiku lina anandiona. Sanandikalipire, sanauzenso mayi. Anangopita pang'onopang'ono, n'kuwerama movutikira, n'kuitola mbatatayo, kuipukuta pachitenje, n'kukakhala pakhonde kuidya okha. Kuchokera tsiku limenelo sanandisungirenso. Anamwalira mu 2003 ndisanawauze chomwe chinandilowa m'mutu, ndisanawapepese.

Lero ndine mayi wamkulu, ndadutsa m'zambiri muno mu Joni, koma kadzidzi akalira mtima umagundabe mpaka m'makutu. Komabe manthawo ndikhoza kukhala nawo. Chimene chimandisowetsa tulo ndi msana wa agogo aja atawerama kuseri kwa bafa.

Ndisanabwere kuno ndinaphunzira zauphunzitsi, ndipo chimodzi mwa zomwe tinkaphunzira n'chakuti mwana wamng'ono sanafike posiyanitsa bwino zenizeni ndi zongoyerekeza. Chimene waona ndi maso, kwa iye chachitika. Ukamuuza kuti ndi sewero chabe amavomera ndi mutu, koma thupi lake silimva. Ku America, mu 1999, akatswiri awiri, Kristen Harrison ndi Joanne Cantor, anafunsa ophunzira a kuyunivesite za zinthu zoopsa zomwe anaonera ali ana kapena achinyamata. Pafupifupi 9 mwa 10 alionse anali ndi nkhani yoti anene, ndipo mmodzi mwa 4 alionse ananena kuti mantha akewo akadali nawo, patapita zaka. Ambiri anatchula kusowa tulo ndi kukanika kudya. Anzathu a kuno nawonso ali ndi zawo. TV inawafikira mu 1976, ndipo mukangotchula Lesilo Rula, sewero la Chitswana lomwe linkaonetsedwa m'zaka za m'ma 1980, mudzaona bambo wa imvi akugwira pakamwa n'kuyamba kufotokoza mmene ankaopera kutuluka panja usiku.

Koma mafilimu amene ndikunenawa ali ndi ululu wawo wapadera, ndipo apa ndi pomwe ndikupempha kuti mundimvetsere bwino. Chilombo cha m'filimu ya azungu chimakhala kutali, m'nyumba za masitepe zomwe mwana wathu sanagonemo, chimayankhula chizungu. Mwana amaopa, koma akayang'ana m'nyumba mwawo sachipeza. Chilombo cha m'mafilimu awa chimavala chitenje ndi duku, chimaphika nsima, chimatchedwa agogo kapena azakhali, ndipo wotanthauzira akachipatsa Chichewa chimayankhula ndendende ngati anthu a kwathu. Nthawi zina chilombocho chimakhala mwana mnzake wazaka zomwezo. Filimuyo imatha ndi mawu otamanda Mulungu, ndipo woiika ndi ankolo a kutchalitchi omwe mwanayo amawakhulupirira. Mwana atero sakuopanso mdima wokha. Akuopa mbale ya chakudya, akuopa agogo ake, akudziopa yekha.

Kumene mafilimuwa amachokera, zipatso zake zinaoneka kale. Mu 1999 kunatuluka filimu yotchedwa End of the Wicked, ya mlaliki Helen Ukpabio, yoonetsa ana akutuluka usiku kukakumana ndi mfiti n'kumadya nyama ya anthu. Omenyera ufulu wa ana akhala akuidzudzula kuti inathandiza kufesa maganizo oti ana ndi mfiti. Mu 2008 wailesi yakanema ya Channel 4 ya ku Britain inaonetsa ana a m'chigawo cha Akwa Ibom ku Nigeria omwe anathamangitsidwa m'makomo mwawo, kumenyedwa, ena kuotchedwa, atanenedwa kuti ndi mfiti. Chaka chomwecho boma la chigawocho linakhazikitsa lamulo loti kunena mwana kuti ndi mfiti ndi mlandu. Kwathu nakonso sitikusowa zitsanzo. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba 4 a banja limodzi, mphenzi itapha mtsikana wina, ati ndiwo anaitumiza. Sindikunena kuti filimu ndiyo inagwira zibonga tsiku limenelo. Koma munthu sadzuka m'mawa umodzi n'kukweza dzanja pa gogo wake. Amayamba waphunzitsidwa kumuopa, ndipo ine ndikudziwa msinkhu umene phunzirolo limalowa, poti linandilowa ndili ndi zaka 10. Dziwaninso kuti kuloza munthu chala kuti ndi mfiti ndi mlandu kwathu pansi pa lamulo la 1911, ndiponso kuno ku South Africa pansi pa lamulo la 1957.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kufunsa kuti kodi mayiyu akukana kuti ufiti uliko? Bambo abusa, sindinalembe kalatayi kuti titsutsane zimenezo. Ndine mkhristu, ndimapemphera, ndipo nkhani zozama ngati zimenezo mukhoza kukambirana ndi ife akuluakulu mpaka tambala kulira. Chimene ndikukana ndi kusenzetsa mwana wazaka 4 mtolo umenewo, m'chipinda chotseka, usiku, popanda wamkulu pambali pake. Inu nomwe mumatiwerengera Mateyu 18 ndime 6, za mphero yomangidwa m'khosi mwa wokhumudwitsa kamwana. Sindikukhulupirira kuti m'bale uja anafuna kukhumudwitsa aliyense. Anachita zomwe anaona ena akuchita, ndipo palibe mtsogoleri amene anamuuzapo kuti si bwino.

Ena adzati nafenso tinakula ndi zoopsa, nanga nthano za agogo zinali zofewa? Zoona, munali afisi, zimphona zomeza mudzi wonse, ana otayidwa m'nkhalango. Koma kumbukirani mmene nthano inkakambidwira. Wokamba akati “Padangotero,” tonse tinkayankha “Tili tonse,” ndipo tinalidi tonse, mapewa atagundana pamoto. Wokambayo ankaona nkhope zathu. Akaona kuti wamng'ono wayamba kunjenjemera ankafewetsa mawu, kapena kuyambitsa nyimbo, kapena kupereka kalulu kuti apusitse fisi tiseke. Nthano ikatha, wotiperekeza kukagona anali yemweyo. Laputopu siona nkhope ya mwana. Mwana atseke maso, iyo imangopitiriza kukuwa.

Kunyumba komwe ndimagwira ntchito ndaphunzirako mmene dziko lino linakonzera zotchinjiriza ana. Kuli bungwe la Film and Publication Board, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996, ndipo limaika zizindikiro pa mafilimu: A ndi ya aliyense, PG ndi yofuna kholo pambali, kenako pali 7-9PG, 10-12PG, 13, 16 ndi 18. Pambali pa nambala pamakhala zilembo, V kusonyeza zachiwawa, H kusonyeza zoopsa. Pa TV zaulere monga SABC ndi e.tv, zosayenera ana zimayenera kudikira mpaka 9 koloko usiku, pa zolipira monga DStv 8 koloko, ndipo wophwanya akhoza kukasumiridwa ku BCCSA, bungwe lomva madandaulo okhudza mawailesi ndi ma TV. Adona anga anatseka dikoda yawo ndi nambala yachinsinsi, moti filimu yopitirira msinkhu wa ana awo siitseguka n'komwe. Ndimati ndikamawasambitsa ana aja madzulo, n'kuwawerengera kabuku ka zithunzi, n'kuwasiyira kanyale koyaka, mtima umandipweteka poganiza kuti wanga nthawi yomweyo ali kwa aneba, ndipo sindikudziwa chomwe chili pasikirini yawo.

Zotchinga zonsezo sizifika kwa ife. Mafilimu athu sadzera pa SABC. Amabwera pa memori khadi ndi pa fulashi kuchokera kumudzi, amatumizidwa pa WhatsApp, ali mbwee pa YouTube ndi TikTok, opanda nambala, opanda chilembo, opanda nthawi yake. Komanso tikukhala mothinana. M'chipinda chimodzi muli bedi, sitovu, ndowa ndi TV. Tikati mwana wagona, iye wangotembenukira kukhoma, makutu ali tcheru. Pamenepa inenso ndili ndi mlandu, ndaonerapo zoterezi mwana ali pambali panga, n'kumadzinamiza kuti ali m'tulo. Ndasiya. Koma zimene ndasiya m'nyumba mwanga wakazipeza kutchalitchi, ndiye mlonda amene watsala ndi inu.

Inu eni mabasi, nkhani yanu ndi iyi. Ulendo wochoka ku Park Station kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Mwanza ndi wa masiku awiri, ndipo mwezi wa Disembala basi imadzaza ndi ana, ena pamiyendo pa amayi awo. Disembala wapitayu, titangodutsa pa Beitbridge usiku, anatiikira filimu ya anthu ofukula manda ndi kudula ziwalo. Sikirini ili kutsogolo, sipika ili pamwamba pamutu penipeni. Kunyumba munthu umatha kuzimitsa kapena kutulutsa mwana panja, koma m'basi uthawira kuti pakati pa Zimbabwe? Kamtsikana ka mpando woyandikana ndi wathu kanadzifunditsa chitenje kumutu n'kumalira chamumtima mpaka kanasanza. Nditapempha kondakitala kuti asinthe, anandiyankha kuti ena nawonso alipira. Alipiradi, koma palibe amene anagula tikiti ya filimu. Tonse tinagula ulendo. Nyimbo zakwathu zilipo zambiri, makwaya alipo, masewero oseketsa alipo, mpira ulipo. Uzani anyamata anu kuti m'basi yomwe muli mwana ngakhale mmodzi, za magazi ndi za ufiti zisaseweredwe. Sizidzakuchotserani kasitomala, ndipo ife amayi timauzana basi yoyenera kukwera.

Ana athu muno ali kale ndi zoopa zenizeni. Amamva mfuti usiku. Amaona makolo awo akusintha njira akaona galimoto ya apolisi. Akuluakulu timakamba pamaso pawo za 2008, pomwe anthu 62 anaphedwa pa ziwawa zothamangitsa obwera, ndi za 2015 ndi 2019, ndipo amamva zonse. Mwana wotere amafunika malo amodzi omwe mtima wake ungakhale pansi. Kwa ambiri a iwo malowo ndi tchalitchi, ndi mawu a agogo pafoni.

Choncho bambo abusa ndi akuluampingo, ndikupempha kuti pa mapemphero a usiku pazikhala amayi awiri kapena atatu osankhidwiratu oyang'anira ana, osinthana, kuti ana aziimba, azijambula, kenako azigona. Chilichonse choti ana aonere, wamkulu ayambe wachionera yekha mpaka kumapeto. Ndipo filimu isamatengedwe ngati umboni paguwa. Ndamvapo mlaliki akunena kuti monga tinaonera mufilimu ija, ngati kuti akutchula ndime ya m'Baibulo. Aja ndi anthu olembedwa ntchito, magazi aja ndi utoto, ndipo gogo wosanduka kadzidzi uja akamaliza kujambula amalandira malipiro ake n'kukwera galimoto kupita kwawo. Inu atcheya a magulu, mumatha kutisonkhanitsa pa nkhani ya mapepala ndi ya maliro. Ikaniponso iyi pa mndandanda wa zokambirana, ndipo m'magulu a WhatsApp omwe mumayang'anira muziletsa kutumiza mavidiyo a mitembo ndi a anthu akuotchedwa, chifukwa mafoni athu ndi omwewo ana amaseweretsa.

Kwa makolo anzanga omwe mwana wayamba kale kudzidzimuka usiku: musamuseke, musamumenye chifukwa chonyowetsa zofunda, ndipo chonde musamutengere kokamuzungulira anthu khumi akumukuwira kuti chituluke. Kumeneko ndi kumutsimikizira kuti zomwe akuopazo ndi zoona. Mukaona kuti zakukulirani, bungwe lothandiza ana la Childline limayankha pa 116, ndipo kuimbako ndi kwaulere.

Ine ndayesetsa mbali yanga. Ndinamufunira pa YouTube mavidiyo oonetsa mmene ochita mafilimu amapakidwira utoto kumaso, tinaonera limodzi masana. Ndinamufotokozera kuti munthu akagona ndi njala kapena akanunkhiza kanyenya panjira amalota nyama, ndipo kuti inenso ndimalota. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati: “Koma ankolo a kutchalitchi anati ndi zoona.” Pamenepo mawu anga anathera. Kwa iye, chomwe chanenedwa kutchalitchi chingafafanizidwe ndi a kutchalitchi okha.

N'chifukwa chake pempho langa lalikulu ndi laling'ono kwambiri. Lamlungu likubwerali, bambo abusa, lowani m'kalasi ya Sande sukulu, mukhale pansi pomwe ana akhala. Muwauze ndi pakamwa panu kuti filimu ija inali sewero ndipo sanayenere kuionera. Muwauze kuti kulota ukudya si kulowa kulikonse, kuti palibe mmodzi mwa iwo amene ali mfiti, ndi kuti chakudya cha agogo awo adye ndi mtima wonse. Ana 12 aja ndikuwadziwa onse, ndipo amayi atatu andiuza kale kuti kwawonso sikukugonedwa.

Mayi anga ku Ndirande andifunsa kawiri tsopano kuti kodi mdzukulu wanga ndamulakwira chiyani. Ndakhala ndikuwayankha kuti ndi netiweki. Ali ndi zaka 68, shuga akuwavuta, ndipo akuti amusungira mtedza wa chaka chino kuti akadzabwera pa Khirisimasi adzamukazingire.

Ine mwana wanu,
Mayi wa ku Turffontein